Musanasiye nsima n'kuyamba nyama ndi mazira okhaokha, yambani mwayezetsa

Uthenga uwu ukupita kwa anthu a mumzinda wa Zomba ndi madera ozungulira amene akufuna kuchepetsa thupi. Masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda mauthenga onena kuti munthu akasiyiratu nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa, n'kumadya nyama, mazira ndi nsomba zokhazokha m'mawa, masana ndi madzulo, mafuta a m'thupi amasungunuka m'masabata ochepa. Achinyamata ena ochita masewera onyamula zitsulo akuwonjezanso ufa wa mapuloteni wa m'zitini, ndipo amayi ena akuphatikiza kadyedwe kameneka ndi tiyi wazitsamba amene akuti amaphwetsa mimba. Ambiri akufunsa ngati kudya zomanga thupi, kapena kuti mapuloteni, zochuluka chotere kuli ndi vuto.

Yankho lake lili pawiri. Munthu amene impso zake zili bwino akawonjezera zakudya zomanga thupi pamlingo woyenera savulala, ndipo zimamuthandiza kukhuta nthawi yaitali komanso kusunga minofu pamene thupi likutsika. Koma kwa munthu amene impso zake zayamba kale kufooka, kadyedwe komweko kakhoza kufulumizitsa kuwonongeka kwake. Chotidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri sadziwa kuti ali mbali iti, ndipo tikawafunsa ngati anayezetsa amayankha kuti palibe pamene akumva kuwawa. Impso sizipweteka zikamayamba kudwala. Munthu akhoza kukhala zaka zambiri akugwira ntchito, akuyenda pansi kuchokera ku Chinamwali kupita m'tauni, impso zake zikutha pang'onopang'ono iye osazindikira kanthu.

Mwachidule, thupi limagaya mapuloteni n'kutengapo zofunika pokonza minofu, magazi, khungu ndi chitetezo. Zotsala sizisungidwa ngati mapuloteni. Chiwindi chimasandutsa mbali ina ya zotsalazo kukhala zinyalala zotchedwa yuriya, ndipo ndi ntchito ya impso kusefa zinyalalazo m'magazi n'kuzitulutsa kudzera mumkodzo. Mukachulukitsa nyama ndi mazira mwachulukitsanso ntchito ya impso. Impso zabwino zimaisenza ntchitoyo, pamene zofooka zimalemedwa nayo.

Malinga ndi bungwe la World Health Organization, munthu wamkulu amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku. Choncho munthu wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu pafupifupi 56. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6, kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15, ndipo nthuli ya nkhuku kapena nsomba yokula ngati chikhatho cha munthu imapitirira magalamu 20. Ndiye kuti amene wadya mazira awiri m'mawa, nyemba masana, ndi nsomba madzulo, kuphatikizapo zochepa zimene zili mu nsima yomweyo, wakwanitsa kale zofunika za tsikulo. Amene akuchepetsa thupi ndipo impso zake zinayezedwa n'kupezeka kuti zili bwino akhoza kukwezako mlingowu kufika pa magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu. Kupitirira magalamu 2 pa kilogalamu tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri ndi kuchulutsa, ndipo phindu lake pa kuchepetsa thupi palibe, chifukwa chakudya chilichonse chikaposa chimene thupi likugwiritsa ntchito chimatha kusungidwa ngati mafuta, ngakhale chikhale chifuwa cha nkhuku.

Taonani kuti mlingo wokwezedwawo taupereka kwa munthu amene impso zake zinayezedwa. Sitinanene munthu amene akudziona kuti ali ndi mphamvu, kapena amene sanagonepo m'chipatala.

Zinthu ziwiri zimene zimawononga impso kwambiri ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti BP. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS amene anachitika m'Malawi muno mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Tsono ganizirani kuti ndi ndani amene amafunitsitsa kuchepetsa thupi. Kawirikawiri ndi munthu wonenepa kwambiri, wa zaka zopitirira 35 kapena 40, wogwira ntchito yokhala pansi, ndipo ameneyu ndi yemwenso ali pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi BP. Anthu amene kadyedwe ka nyama yokhayokha kakuwakopa kwambiri ndi omwewo amene impso zawo zikhoza kukhala zitayamba kale kuvutika.

Kuno ku Zomba palinso zina zoti muziganizire. Anthu ambiri anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena kumadera olima mpunga ngati ku Domasi ndi ku Likangala, kumene likodzo ndi lofala, ndipo likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limatha kuwononga chikhodzodzo ndi njira za mkodzo mpaka kufika ku impso. Ena amamwa Brufen, Indocid kapena diclofenac pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha msana ndi mawondo, ogula pa golosale popanda kuonana ndi dokotala, osadziwa kuti mankhwala amenewa amapweteka impso akamwedwa nthawi yaitali. Amene ali pa ma ARV adziwe kuti ena mwa mankhwalawa, makamaka tenofovir, amatulutsidwa ndi impso, ndipo ndi bwino kukambirana ndi a kuchipatala musanasinthe kadyedwe. Izi sizikutanthauza kuti musiye mankhwala anu ngakhale tsiku limodzi. Aliyense amene ali m'magulu amenewa asayambe kudya nyama ndi mazira mochulukitsa, kapena kumwa ufa wa m'zitini, asanayezedwe.

Pali mawu ena amene akunenedwa omwe tikufuna kuwatsutsa poyera. Akuti mukaona thovu mumkodzo ndiye kuti mafuta akutuluka ndipo njirayo ikugwira ntchito. Zimenezi ndi zabodza. Mafuta a m'thupi satuluka ngati thovu mumkodzo. Thovu losatha msanga, looneka tsiku ndi tsiku, likhoza kukhala chizindikiro chakuti impso zikudontha mapuloteni amene zinayenera kusunga m'magazi. Chimodzimodzinso kutupa kwa mapazi, akakolo kapena kumaso podzuka m'mawa, kukodza pafupipafupi usiku kapena kuchepa kwa mkodzo, mkodzo wa magazi, kutopa kosadziwika chifukwa chake, nseru, kusafuna kudya ndi kuyabwa kwa thupi lonse. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake. Musadikire kuti mumalize kaye masiku 30 amene anakuuzani pa gulu la WhatsApp, ndipo musathamangire mankhwala azitsamba otsuka m'thupi, chifukwa ena mwa iwo amawonjezera vuto pa impso ndi chiwindi. Komabe dziwani kuti zizindikiro zimenezi nthawi zambiri zimabwera mochedwa, ntchito ya impso itachepa kale kwambiri, n'chifukwa chake tikulimbikira kuti kuyezetsa kuchitike musanayambe, osati mutatupa.

Impso zikafika polephereratu, chotsala ndi makina osefa magazi, omwe madokotala amati dialysis, kapena kuikidwa impso ina. Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi odwala. Wodwala amayenera kukalumikizidwa kawiri kapena katatu pa sabata, maola pafupifupi anayi ulendo uliwonse, kwa moyo wake wonse. Kwa munthu wokhala ku Matawale, ku Thondwe kapena ku Jali, muwerengere nokha ndalama za minibasi, masiku osapita kuntchito ndi womuperekeza. Kuyezetsa BP kumatenga mphindi zosakwana zisanu.

Chenjezo lapadera lipite kwa odwala shuga amene amadzibaya insulini kapena kumwa glibenclamide. Mukasiya nsima ndi zakudya zina zokhutitsa mwadzidzidzi koma n'kumapitiriza mankhwala pamlingo womwewo, shuga wa m'magazi akhoza kutsika kwambiri. Munthu amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuchita chizungulire ndi kusokonezeka mutu, kenaka akhoza kukomoka ngakhale kumwalira kumene. Apa ngozi sichedwa zaka ngati ya impso, imachitika tsiku limodzi. Ngati wodwala wotere akadali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni madzi a shuga kapena chakumwa chotsekemera mwachangu, kenaka mupite naye kuchipatala. Wodwala shuga asasinthe kuchuluka kwa nsima yake popanda kukambirana ndi amene amamulembera mankhwala.

Ngakhale kwa amene impso zake zili bwino, kadyedwe ka nyama yokhayokha kali ndi zovuta zina. Kusowa kwa masamba, zipatso ndi mgaiwa kumabweretsa kudzimbidwa, ndipo ena amatuluka fungo m'kamwa, kumva mutu ndi kufooka. Zamkati monga chiwindi, nyama yofiira yambiri, tinsomba ting'onoting'ono tikachuluka komanso mowa zimadzutsa matenda a gauti kwa amene ali nawo, omwe amatupitsa chala chachikulu chakuphazi ndi ululu woopsa. Nyama yambiri pamodzi ndi madzi ochepa zimakulitsa mpata wa timiyala ta mu impso, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Ndipo tinene zoona, anthu ambiri akamati akudya mapuloteni amatanthauza kanyenya wa pa chiwaya, soseji ndi polony, zomwe zadzaza mafuta ndi mchere. Mchere umakweza BP, pomwe mlingo woyenera ndi wosapitirira magalamu 5 patsiku, kapena kuti supuni yaing'ono imodzi pa zakudya zonse za tsikulo. Mu 2015 bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa, linaika nyama zokonzedwa kufakitale monga soseji m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo.

Kutsika kwa sikelo m'sabata yoyamba kusakupusitseni. Munthu akasiya zakudya zokhutitsa, choyamba kutuluka ndi madzi amene thupi limasunga pamodzi ndi shuga wa m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo amabwerera akangoyambiranso kudya. Kuchepa kwenikweni kwa mafuta kumayenda pang'onopang'ono, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata.

Njira yotetezeka siisowa ufa wa m'zitini. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, omwe ndi zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta, ndipo wofuna kuchepetsa thupi sachotsa gulu lililonse koma amasintha kuchuluka kwake. Amene amadya mitanda inayi ya nsima atsike pa iwiri kapena umodzi, ndipo ikhale ya mgaiwa. Theka la mbale likhale masamba monga mpiru, nkhwani, bonongwe, chisoso kapena therere, ophikidwa ndi mafuta ochepa. Zomanga thupi zichokere mosinthasintha ku nandolo, khobwe, nyemba, nzama, soya, mazira, chambiko, nkhuku yochotsa khungu ndi matemba a ku Chilwa, osati nyama ya ng'ombe ndi mbuzi tsiku lililonse. Zonsezi zimapezeka mumsika waukulu wa Zomba, ku Songani ndi ku Mpondabwino pamtengo wotsika kuposa chitini chimodzi cha ufa. Chepetsani zakumwa zotsekemera, mowa, mandasi, tchipisi ndi shuga wa mu tiyi, imwani madzi okwanira, ndipo yendani mwandawala mphindi 30 kwa masiku asanu pa sabata.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, odwala TB ndi okalamba ofooka asachite nawo kadyedwe kalikonse kochepetsa thupi popanda uphungu wa kuchipatala. Ndipo uthenga uwu usamveke ngati tikuletsa zomanga thupi, chifukwa m'makomo ambiri vuto ndi kuperewera kwake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. N'zomvetsa chisoni kuona bambo akudya mazira asanu ndi limodzi m'mawa kuti achepetse mimba, mwana wa zaka ziwiri m'nyumba yomweyo akumwa phala lopanda ngakhale nsinjiro. Dzira limodzi mwa amenewo lingachite ntchito yaikulu m'thupi la mwanayo kuposa la bambo ake.

Ngati mwayamba kale kadyedwe ka nyama ndi mazira okhaokha musanayezetse, musachite mantha, koma musazengerezenso. Pitani ku chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kumene mungayezetse. Pemphani kuti akuyezeni BP, shuga ndi mkodzo, ndipo ngati mwapezeka ndi shuga kapena BP, kapena mkodzo waonetsa mapuloteni, funsani za kuyeza magazi kotchedwa creatinine, komwe kumaonetsa mmene impso zikusefera. Amene akufunika kuunikidwa mozama amatumizidwa ku Zomba Central Hospital. Popita tengani buku lanu la kuchipatala, mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo ogula nokha ndi azitsamba, komanso chitini cha ufa ngati mukugwiritsa ntchito, ndipo muwauze adokotala mosabisa zimene mwakhala mukudya ndi tsiku limene munayamba.