Kunyamula zitsulo sikusandutsa mayi kukhala bambo

Anthu akamva kuti mayi wayamba kunyamula zitsulo amagwira pakamwa. Ena amati akhala ndi mapewa ngati mwamuna, ena amati adzipweteka m'mimba. Komatu mayi yemweyo akasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kumjigo, kumbuyo atabereka mwana, palibe wodandaula. Madzi okhawo amalemera makilogalamu 20!

Minofu ya abambo imakula kwambiri chifukwa cha mahomoni otchedwa testosterone, amene m'thupi la mayi ndi ochepa zedi. Chimene mayi amapeza ndi mphamvu pamsana, m'chiuno ndi m'miyendo, malo amene mimba ndi kulera zimatopetsa. Mafupa nawonso amalimba akamagwiritsidwa ntchito, ndipo izi n'zofunika chifukwa mayi akasiya kusamba mafupa amafooka msanga.

Kusiyana kwake ndi ntchito zapakhomo n'kwakuti pamasewera munthu amasankha yekha kulemera, amawonjezera pang'onopang'ono, amapumanso. Ndowa sikufunsa ngati wagona bwino.

Malangizo a 2020 a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati akuluakulu azilimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo pa sabata, ndipo amalimbikitsanso amayi apakati ndi amene angobereka kumene, ngati palibe vuto lina. Masewerawa amachepetsa nkhawa ndi kukhumudwa, tulo timabweranso bwino.

Zitsulo n'zosakakamiza. Kunjuta ndi kudzuka kakhumi, kapena kukankha khoma ndi manja, n'poyambira pabwino. Amene anabereka kudzera mu opareshoni ayambe wafunsa kaye kuchipatala.