Musanakweze pikapu, gwadani muone chimene chikugunda pansi

Ikayandikira nyengo yotuta mbatatesi ku Tsangano ndi yonyamula fodya ku Furancungo, pagaraja panga pano pa Ulongwe funso limakhala limodzi: "Amakaniko, ndikufuna pikapu yanga ikwere. Chotchipa n'chiti, kukweza bode kapena masipuling'i?" Funso limeneli landitopetsa. Ndikabweza langa, kuti kodi chikugunda pansi n'chiyani, ambiri amangoti kukamwa yasa. Sanagwadepo n'kusuzumira kunsi kwa galimoto yawo, koma ndalama ya zitsulo ali nayo kale m'thumba.

Kukweza bode ndi kulowetsa timidadada ta nayiloni yolimba kapena aluminiyamu pakati pa chasisi (chimango cha zitsulo chimene chimanyamula galimoto yonse) ndi bode, kawirikawiri masentimita 2.5 mpaka 7.5, n'kumanga ndi mabawuti aatali. Chimene chakwera ndi pokhala inu ndi poika katundu basi. Chasisi, injini, giyabokosi ndi difu (chibulumwa cha magiya chija chili pakati pa ekiselo) zili pomwe zinali. Mwala umene unkagunda giyabokosi dzulo uigundanso mawa. Phindu lake ndi limodzi: tayala lalikulu limapeza malo osakhula madigadi. Ngati simukufuna kugula matayala akuluakulu, mukukwezeranji bode?

Kusintha masipuling'i ndi ma shock kumakwezadi chasisi, ndipo mimba ya galimoto imasiya kukhula pa zitunda ndi potuluka m'makwawa. Koma difu ya kumbuyo ili pa ekiselo, ndipo ekiselo imakhala pa matayala, osati pa masipuling'i. M'misewu yathu ya kumidzi, mvula ikakumba mikwasa iwiri n'kusiya msana pakati, chimene chimatsakamira ndi difu imeneyi. Mukweze bode, mukweze masipuling'i, difu siikwera ngakhale pang'ono. Chimene chimaikweza ndi tayala lokha, ndiponso ndi theka chabe la kukula kwa tayalalo. Mukachotsa 205R16 n'kuika 235/85R16, tayala latalika pafupifupi masentimita 7, difu yakwera masentimita atatu ndi theka. Mukachoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17, difu ikwera sentimita imodzi ndi kachidutswa. Ndipo si zaulere: injini imalemedwa pachitunda, mabuleki amagwira mochedwerako, mafuta amapita ambiri, ndipo wotchi ya liwiro imaonetsa liwiro locheperapo kuposa lenileni. Apolisi a pamsewu wa N7 sakamva zoti ndi matayala.

Ambiri amene amabwera kuti galimoto ikwere, vuto lawo si kufupika kwa galimoto ayi. Masipuling'i a kumbuyo anatopa, anawongoka, ena anathyoka pakati osadziwika. Pikapu zambiri zimene tili nazo kuno zinapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi, kuwerengera dalaivala ndi okwera omwe. Matumba 20 a makilogalamu 50 akwana kale tani, musanakweze eni matumbawo pamwamba. Munthu akupakira kawiri kuposa pamenepo chaka ndi chaka, galimoto yakhala pansi kumbuyo, iye akuti ikufunika "kukwezedwa". Ikufunika masipuling'i atsopano, bambo, ndi ma shock ake, ndiponso kuchepetsa matumba. Palibe kukweza kumene kumawonjezera mphamvu ya ekiselo, ya mabering'i kapena ya mabuleki. Mukaika masipuling'i olimba kwambiri galimoto iwongoka ndithu, koma kulemerako kukathera pa chasisi, ndipo ndaonapo chasisi zong'aluka kuseri kwa kabini chifukwa cha zimenezi.

Amene akufunikadi kukweza masipuling'i, asapitirire masentimita 5 ngati kutsogolo kwa galimoto yake tayala lililonse limayenda palokha, monga Hilux za kuyambira 2005, Ranger, D-Max ndi Hardbody. Mukapitirira apo ma CV joint, mfundo zimene zimapititsa mphamvu ya injini ku matayala a kutsogolo, amagwira ntchito atapendekeka kwambiri, malabala ake amang'ambika, fumbi n'kulowa, ndipo ma ball joint, mfundo zimene tayala limatembenukirapo pokhota, amatha msanga. Land Cruiser 79 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, imapirira zambiri, koma nayonso chiwongolero chimayamba kuyendayenda ngati simunakonze kapendekedwe ka ekiseloyo. Za Hardbody ndi Isuzu KB zakale, zija za torsion bar (ndodo yachitsulo imene imagwira ntchito ya sipuling'i kutsogolo), pali chizolowezi chomanga bawuti ya torsion bar mpaka mapeto chifukwa sichidya ndalama. Galimoto ikweradi kutsogolo, koma tayala silikhalanso ndi mpata wotsikira m'dzenje. Imangodumpha, matayala n'kumadyeka mbali imodzi.

Pali kanthu kena kamene pafupifupi aliyense amakaiwala. Pikapu zambiri zakale zopanda ABS (makina oletsa matayala kukwekwereza mukaponda buleki mwamphamvu) zili ndi valavu kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kachitsulo, imene imayeza kuti galimoto yalemedwa bwanji n'kugawa mphamvu ya buleki. Mukakweza kumbuyo osasuntha kachitsuloko, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu ngakhale yadzaza, ndiye buleki ya kumbuyo imagwira mofooka. Zimadziwikira potsetsereka, pamene simungachitenso kanthu.

Tsono za amisiri a pansi pa mtengo wa mango. Sindinyoza munthu chifukwa alibe denga, ena mwa iwo ntchito amaidziwa. Ndikunena aja amene amamva kuti kukweza bode n'kophweka, n'kutenga jeke ndi makina owotcherera. Bode ikakwera, zonse zimene zimalumikiza bode ndi chasisi zimakokeka: shafuti ya chiwongolero, mapaipi a buleki, paipi yothirira mafuta, mawaya, ndodo ya giya. Redieta imakwera ndi bode pamene fani yatsala pa injini, fani n'kuyamba kumenya chivundikiro chake. Iwo amangochotsa chivundikirocho n'kutaya. Kuno ku Angónia n'kozizira, simuona kanthu. Tsikirani ku Moatize kapena mumzinda wa Tete mwezi wa Okutobala, kutentha kutapitirira madigiri 40, muone mmene injini iwirire.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandisowetsabe tulo. Ankatuta mbatatesi pa Hardbody kuchokera cha ku Tsangano, ndipo anabwera kudzangosintha oyilo. Nditalowa kunsi ndinapeza bode yakhala pa zidutswa za mtengo wa mlombwa. Mabawuti anali ndodo zija za mazinga zogula m'sitolo ya zomangira nyumba, zopanda nambala iliyonse pamutu, pamene pamafunika bawuti yolembedwa 8.8 kapena 10.9. Shafuti ya chiwongolero anaidula pakati n'kuwotchererapo kachidutswa ka paipi ya madzi kuti italike. Ndinamuitana kuti agwade aone yekha. Ndinamuonetsa mng'alu woonda ngati tsitsi m'mphepete mwa powotcherera paja. Anandiyankha mwaulemu ndithu: "Ndamva bambo, koma msika uli pakati. Ndikangomaliza maulendowa ndibwera nayo." Ndinamuuza kuti galimoto imeneyi isanyamule munthu. Anaseka pang'ono, n'kulipira oyilo wake.

Shafuti inaduka akutsetsereka cha ku Mussacama, matumba ali odzaza, amayi a geni atakhala pamwamba. Iye anatuluka ndi mabala chabe. Mayi wina anathyoka m'chiuno, ndipo kumsika anasiya kupita. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti matayala a galimoto ija anali omwe aja a kale, sanasinthe n'limodzi lomwe. Kukweza konse kuja sikunamupatse ngakhale sentimita imodzi pansi pa difu. Anangofuna kuti izioneka yaitali pa siteji.

Chiwongolero sachiwotcherera. Pali chitsulo chake chotalikitsira chimene chimabwera pamodzi ndi timidadada, ndipo wogulitsa akakupatsani timidadada tokha popanda chimenechi, mabawuti ake ndi zosunthira redieta, musiyeni. Chimodzimodzi ma shackle (tizitsulo tolumikiza mapeto a sipuling'i ku chasisi) otalikitsidwa powotcherera zitsulo ziwiri, masipuling'i otenthedwa pamoto kuti apindike, kapena midadada yosanjikiza iwiri pansi pa sipuling'i. Chitsulo cha sipuling'i chikapsa pamoto chataya mphamvu yake, chidzathyoka basi, ndipo sichisankha tsiku.

Ndiye mukandifunsa kuti musankhe chiti, yankho langa limatsata chimene chikugunda. Ngati ndi difu, yambani ndi matayala okulirapo pang'ono, mwina alowa popanda kukweza chilichonse. Ngati ndi mimba kapena mchira wa galimoto, masipuling'i ndi ma shock ogwirizana, osapitirira masentimita 5. Bode ndimakweza mwa apo ndi apo, tayala likamakhula madigadi, ndipo pa galimoto yonyamula katundu wosanjikiza mpaka m'mwamba ndimakana, chifukwa katunduyo amakwera nayo limodzi ndipo pakona imapendama msanga. Musanasinthe kalikonse kafunseni ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto a pamsewu, ngati zikugwirizana ndi mapepala a galimoto yanu, mufunsenso a inshuwalansi.

Ntchito ikatha pitani nayo ku alayimenti tsiku lomwelo, nyali zitsitsidwe kuti musamathobwe anzanu m'maso, ndipo mukayenda makilomita mazana angapo bwererani adzamangenso ma U-bolt (omanga sipuling'i ku ekiselo) ndi mabawuti a bode, chifukwa amakhwepa. Amene galimoto yanu inakwezedwa kale kwina, mukamva chiwongolero chikugwiragwira pokhota, kapena bode ikugogoda mukaponda buleki, kapena mwaona paipi ya buleki yakungika, tsitsani katundu ndi anthu pomwepo, galimotoyo ibwere chokokedwa.