Kanyongolotsi kobisala mu mnofu wa chiuli cha ku Korea

Chakumapeto kwa 1997, amuna atatu a m'boma la Geochang ku South Korea anadya chiuli cha kwawoko chachiwisi, chiwindi, magazi ndi mnofu womwe. Patapita masiku onse anatentha thupi, nkhope zinatupa, minofu n'kumaphwanya. Madokotala atacheka kachidutswa ka mnofu n'kukaunika pa makina, anapeza kanyongolotsi katadzipinda ngati nkhata. Kanali ka Trichinella spiralis, ndipo aka kanali koyamba kutsimikizira matendawa mwa munthu m'dzikolo.

Chiuli chimenechi si chathu chija chofwamphula ming'oma ya njuchi, ndi msuweni wake. Chimagona kuuna, usiku n'kumatola nyongolotsi zapansi, achule, mbewa ndi nyama zofa zokha. Ife a za ziweto tikachitumbula timayembekezera kupeza njoka za m'matumbo ndi zina za m'mapapo zobwera ndi nkhono. Zimenezo sizindidetsa nkhawa kwenikweni, zimavutitsa mwini wake. Yoopsa kwa munthu ndi iyi yochokera ku mbewa ndi zofa zokha.

Trichinella safalikira kudzera m'chimbudzi ngati njoka za m'mimba zomwe tinazolowera. Amadikira mu mnofu, nthawi zina zaka, mpaka nyamayo itadyedwa. Nyamayo ikafika m'mimba, kathumba komwe amabisalamo kamasungunuka, nyongolotsiyo imakhwimira m'matumbo, yaikazi n'kuswa ana amoyo, osati mazira. Anawo amayenda ndi magazi kukamanga m'minofu yogwira ntchito kwambiri, monga ya lilime, nsagwada, maso ndi yopumira. N'chifukwa chake wodwala amayamba ndi kutsegula m'mimba, kenako pakapita sabata ziwiri kapena kuposerapo zikope zimatupa. Mankhwala a Albendazole amathandiza bwino akaperekedwa msanga, anawo asanakhazikike.

Chondivuta pophunzitsa alenje n'chakuti nyamayo imaoneka yabwinobwino. Kanyongolotsiko kutalika kwake ndi pafupifupi milimita imodzi, ndiye diso silingakaone. Kulabotale timachita kusungunula mnofuwo ndi asidi ndi pepsin, monga mimba ichitira, kuti katuluke.

Kuwamba, kuthira mchere kapena kuyanika sikukapha. Firiji nayo siyodalirika, chifukwa mitundu ina ya kuthengo imapirira chisanu. Chimakapha ndi moto wolowa mpaka pakati, madigiri 71 a Celsius, kufiira konse kutatha. N'chimodzimodzi ndi nguluwe, njiri, ngakhale ng'ona: mu 1995 mtundu wina wa Trichinella unapezeka m'ng'ona zoweta ku Zimbabwe.