Chitsotso cha m'munda chingathe kupha diso

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene kamaphimba mbali yakuda ija. Ife achipatala timati cornea. Kakakhala kosalala, misozi ndi kuphethira zimakatsuka, ndipo tizilombo tambiri timalephera kulowamo. Kakangokandika, khomo latseguka.

Kuno ku Mulanje ndikafunsa wodwala mmene zinayambira, nkhani yake simasiyana kwenikweni: kanthambi ka tiyi kanamukwapula podulira, tsamba la chimanga linamucheka popalira, kapena mankhusu anamugwera m'maso popeta nandolo. Pa zomera ndi m'dothi mumakhala mafangasi monga Fusarium ndi Aspergillus, abale ake a chuku, ndipo chinyontho chathu chino amachikonda. Chilonda cha mafangasi chimayenda mwakachetechete, munthu n'kumati ndi chitsotso chabe. Mabakiteriya ena, monga Pseudomonas, alibe ulemu wotero: amatha kuboola diso m'masiku ochepa.

Chimene chimandiwawa mtima ndi zimene diso limathiridwa lisanafike kwa ife. Madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga, ngakhale mkodzo. Ndikudziwa kuti agogo amene amadonthezawo amachita chifukwa cha chikondi, koma pabala lotseguka zinthuzi zimawonjezera tizilombo, zina zimawotcha. Enanso amagula okha mankhwala odontheza okhala ndi dexamethasone. Diso limayera, ululu umachepa, mwiniwake n'kumasangalala, pamene mankhwalawo afooketsa chitetezo cha diso ndipo fangasi akudya mkati.

Palinso anthu amene diso lawo silichedwa kugwidwa: odwala shuga, amene chitetezo chatsika ndi HIV, makamaka mashingozi akatuluka pachipumi, ndi ana odwala chikuku kapena operewera vitamini A. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2022 kuti matenda a maso otchedwa trachoma si vuto lalikulunso m'Malawi, komabe akuluakulu ena anatsala ndi zikope zopindikira mkati, tsitsi lake n'kumakanda diso tsiku ndi tsiku.

Diso likafiira, likamawawa, likamaopa kuwala, kapena mukaona kadontho koyera pakuda paja, musadikire kuti mumalize ganyu ya sabata ino. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo osathiramo kanthu, ndipo mukanene chimene chinakulasani. Timadontheza utoto wachikasu umene umaonetsa bala. Chikakhala chilonda chozama, timakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens, ku Blantyre.