Udzu wofolera ndi moto wa m'phiri la Zomba

Mkangano wa pakati pa omweta udzu ndi otentha tchire kuno ku Zomba sunayambe dzulo. Amayi a ku Domasi kapena ku Malosa akamadandaula kuti anyamata osaka mbewa awatenthera udzu asanaumwete, akunena zomwe agogo awo ankadandaula kale.

Udzu wake ndi wautali uja umamera pansi pa miombo ndi misuku, umene akatswiri a zomera amautcha Hyparrhenia. Ambiri timangoti tsekera. Sufa chaka ndi chaka ngati chimanga ayi. Phata lake limakhalabe lamoyo m'nthaka, ndipo mvula ikagwa limatulutsa mapesi oposa msinkhu wa munthu. Umachita ngayaye mvula ikamatha, nkuuma mwera ukayamba. Apo ndiye pomweta. Ukafulumira umamweta wauwisi, umene umaola padenga. Ukachedwa umapeza lupsa lokhalokha.

Chodabwitsa nchakuti udzuwu ndi moto n'zapachibale. Moto umanyeketsa mapesi ouma koma phata sulipha, ndipo pakangopita masiku ochepa msipu wobiriwira umatumphuka pa phulusa mvula isanagwe nkomwe. Abusa a ng'ombe ankadziwa zimenezi. Ndiye m'midzi yambiri mwambo unali woti tchire lisatenthedwe mpaka anthu atatuta mitolo yawo, ndipo mfumu ndi imene inkaloleza.

Atsamunda atakhazikitsa boma lawo ku Zomba mu 1891, anaona moto ngati mdani wa nkhalango basi. Phiri la Zomba linasanduka nkhalango yotetezedwa ndi boma mu 1913, ndipo m'kupita kwa zaka anadzalamo paini wochokera ku Mexico. Paini safuna moto, komanso pansi pake udzu sumera bwino chifukwa cha mthunzi ndi masamba ake oyoyoka amene amayala ngati mphasa. Malo ambiri amene kale anali audzu anakhala minda ya mitengo ya matabwa, yolonderedwa.

Koma kuletseratu moto kuli ndi msampha wake. Udzu wosapsa umaunjikana, ndipo tsiku limene wina waponya kachitsa ka fodya mu Okutobala, motowo umakhala waukali moti umapha ndi mitengo yomwe. A zankhalango anazitsimikiza izi ku Ndola, m'dziko la Zambia, kumene kuyambira mu 1933 anagawa tchire la miombo m'zigawo: kwina ankatentha chilimwe chikamayamba, kwina chikamatha, kwina osatentha konse. Kotentha mochedwa miombo inatha, kunatsala udzu ndi mitengo yochepa yopirira moto. Kotentha msanga, udzu usanaumitsitse, mitengo inapulumuka.

Apa ndiye pali mfundo yovuta kumasula. Wa zankhalango amafuna kutentha mu Meyi kapena Juni kuti moto ukhale wofatsa. Mayi wofuna kufolera khitchini yake akuti nthawi imeneyo udzu ndiye ukungokhwima kumene. Wosaka mbewa naye amadikira kuti tchire liume gwa. Aliyense ali ndi mwezi wake, pa tchire limodzi lomwelo.

Ine ndimaona kuti malata sanathetse nkhaniyi monga ena amaganizira. Nkhokwe, makola, mabafa ndi mipanda zikufunabe udzu, ndipo poti tchire lacheperachepera chifukwa cha minda ndi makala, mtolo umene kale unkangomwetedwa kuseri kwa nyumba lero ukugulitsidwa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde.