Tinjira tothera pa waya: kumene mkangano wa paki ya Kasungu unayambira

Chiyambire Julaye 2022, pamene njovu 263 zinatsitsidwa m'malole kuchokera ku Liwonde, dzina la paki ya Kasungu silinachoke pakamwa pa anthu a kwa Chulu ndi madera ena oyandikana nayo. Minda yadyedwa, nkhokwe zagwetsedwa, maliro achitika. Mu 2025 zinamveka kuti maloya a Leigh Day a ku Britain, poimira anthu khumi a kuno ndi a ku Zambia, akufuna kutengera kukhoti IFAW, bungwe loteteza nyama limene linathandiza kusamutsa njovuzo. Odandaula akuti anthu osachepera khumi afa. IFAW ikukana mlandu, ikuti mwini nyama ndi boma, iyo inangoikapo ndalama ndi luso. Mbali zonse zikuloza mpanda wa magetsi: unatha liti, unalekezera pati. Koma mpandawo unadutsa pa tinjira ta miyendo, ndipo tinjirato n'takale kuposa paki.

Wofuna kudzionera yekha akwere basi ya pa msewu wa M1 kuchokera ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 130, atsike pa boma la Kasungu. Kuchoka apo n'kulowera kumadzulo pa kabaza wa njinga yamoto kapena galimoto ya matola, makilomita oposa 30, kukafika pa geti ya Lisitu. M'midzi ya m'mphepetemo kanjira kamachoka kuseri kwa nyumba, kamadutsa m'munda wa fodya, kamatsetsereka m'dambo, n'kuthera pa waya ngati wina wachita kukadula ndi mpeni. Mukasuzumira tsidya linalo mumaona kuti kamapitirira ndithu.

Kamapitirira chifukwa mkatimo munali midzi. Muli ng'anjo zosungunulira chitsulo, zojambula za pamiyala ku Solonje, ndi mabwinja a midzi ya malinga. Minyanga yochokera ku chigwa cha Luangwa inkadzera kwa Mwase, mfumu ya ku Kasungu, popita kwa Jumbe ku Nkhotakota, ndipo David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863 potsata njira zimene ena anali atayenda kale. Kumapeto kwa 1895 Angerezi anagonjetsa Mwase n'kumanga boma lawo, limene analitcha Fort Alston.

Pamene zinthu zinatembenukira ndi 1922. M'chaka chimenecho boma la atsamunda linalengeza dera la kumadzulo kwa Kasungu kukhala nkhalango yotetezedwa, anthu atasamutsidwamo chifukwa cha kaodzera, matenda ofalitsidwa ndi kashembe. Chifukwacho sichinali chabodza. Kaodzera amapha, ndipo nthawi imeneyo mankhwala odalirika kunalibe, choncho chapafupi chinali kuchotsa munthu m'malo mochotsa ntchentcheyo. Koma taonani mmene kashembe amakhalira. Amafuna mthunzi wa tchire ndi magazi a nyama zakutchire, zimene zimasunga kachilomboko osadwala. Mudzi ukachoka, munda umabwerera kukhala thengo, nyama zimachuluka, kashembe nayenso amachuluka. Kusamutsako kunalimbitsa chinthu chomwecho chimene anthu ankathawa, ndiye chaka chilichonse chifukwa chowaletsera kubwerera chinkangokula. Mu 1930 deralo linasanduka malo osungira nyama, ndipo mu 1970 linakhala paki.

Mabuku ambiri ofotokoza za pakiyi amatchula zaka zitatuzi mosasemphana, koma za kusamukako amangodutsapo ndi chiganizo chimodzi, osatchula midzi kapena kuchuluka kwa mabanja. Ngakhale kukula kwa paki amasiyana, ena 2,316, ena 2,100 masikweya kilomita. Akuluakulu a m'midzi zaka amasokoneza, koma akakuuzani dambo limene makolo ankatunga madzi kapena msitu umene muli manda, amaloza ndi chala. Pa nkhani ya tinjira, mboni yachiwiriyi ndiyo yolemera.

Zaka zotsatira 1970 sizifuna mawu ambiri. Kupezeka mkati kunali mlandu, kaya wanyamula mfuti kaya dengu la bowa. Njovu sizinapulumuke nazo: ziwerengero zimene zimatchulidwa kawirikawiri zimati zinali pafupifupi 1,200 m'ma 1970, n'kutsala pafupifupi 50 pofika 2015. Lamulo linkagwira mayi wa nkhuni, wa minyanga n'kumadutsa usiku.

Mu 1990 dipatimenti yoona za nyama zakutchire inayesa china. Inalola anthu oyandikana ndi paki kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo, mbozi zodyedwa, mkatimo. Kafukufuku wa Munthali ndi Mughogho, wofalitsidwa mu 1992, anasonyeza kuti chaka choyambacho mabanja 173 anatola makilogalamu pafupifupi 1,850 a matondo osauma. Chiwerengerocho chingaoneke chochepa, koma nthawi yake ndiyo yofunika: matondo amagwa kuyambira pakati pa Okutobala mpaka Disembala, pamene nkhokwe zambiri zayamba kulira. Ofufuzawo anapezanso kuti moto ndiwo umalamula zokolola. Kutentha tchire msanga, udzu usanaumitsitse, kumabweretsa matondo ambiri, pakuti moto umakhala wozizira ndipo mitengo ya mombo ndi mchenga imaphuka masamba anthete. Moto wa mochedwa umapsereza mazira ndi masamba omwe. Ambiri amapezeka pa mitengo yaifupi, ya mita imodzi mpaka itatu, kotero wogwetsa mtengo waukulu kuti atole amangowononga za chaka chamawa. Akatoledwa amafinyidwa matumbo tsiku lomwelo, kuwiritsidwa ndi mchere n'kuyanikidwa. Akagona m'thumba osafinya amanunkha. Apa m'pamene tinjira takale tinatsegukanso mwalamulo, ngakhale kwa milungu yowerengeka komanso ndi chilolezo m'manja.

Lero woyenda m'tinjirati ali ndi zambiri zoti asamale. Mkati mwa paki salowa yekha, koma ndi mlonda wa paki wonyamula mfuti. Zovala zakuda ndi zabuluu zimakoka kashembe, n'chifukwa chake misampha yake amaipanga ndi nsalu za mitundu yomweyo. Njovu zimayenda kwambiri kuyambira chakumadzulo mpaka m'bandakucha, ndiye wolawirira kudimba kusanayere ndi wobwera mochedwa kuchigayo ndiwo amakumana nazo. Ndowe zonyowa ndi nthambi zongothyoledwa kumene ndi chizindikiro chobwerera. Njovu siona patali koma imanunkhiza kwambiri, choncho mphepo izichokera kwa iyo kubwera kwa inu. Yaikazi yokhala ndi mwana musayese n'komwe kuiyandikira.

Mpanda nawo uli ndi matenda ake. Umayendera mphamvu ya dzuwa, ndipo udzu ukakula n'kukhudza waya, magetsi amathawira pansi, wayayo n'kungotsala chingwe wamba. Pamafunika kulambula nthawi zonse, makamaka m'dzinja. Pamene wadutsa mitsinje ngati Dwangwa ndi Lingadzi, madzi osefukira amakokolola mizati. Njovu yochenjera imagwetsera mtengo pa waya n'kuwoloka. Pali ena amadula wayayo kukatchera misampha, ndipo a paki akadandaula zimenezi sanama. Koma ndi zoonanso kuti njovu zinafika mpanda wa kum'mawa usanathe, komanso kuti amene munda wake wadyedwa salandira chipukuta misozi kuchokera ku boma.

Kumadzulo, kumalire ndi Zambia, mpanda kulibe mwadala. Pangano la maiko awiriwa la mu 2015 limafuna kuti nyama ziziyenda momasuka pakati pa Kasungu ndi paki ya Lukusuzi. Pakati pa mapaki awiriwo pali midzi ndi minda ya anthu olankhula Chichewa chomwechi, ndipo ena mwa odandaula khumi aja ndi ochokera kumeneko.