Abarth 595, A112 kapena Innocenti: yogula ndi iti?

Chinkhanira, chizindikiro cha kampani ya Abarth ya ku Italy, chomatidwa kutsogolo kwa Fiat 500 yakale si umboni woti galimotoyo ndi Abarth. Carlo Abarth, amene anakhazikitsa kampani yake mu 1949, ankagulitsa galimoto zathunthu komanso zida zoti mwini 500 aziike yekha, ndipo zizindikirozo zikupezekabe mpaka lero. N'chifukwa chake ma Abarth 595 ambiri otsatsidwa amakhala 500 wamba ovekedwa zovala za eni. Musanatulutse ndalama, onani nambala ya chasisi ndi mapepala akale a galimotoyo, chifukwa mtengo wa yeniyeni ndi wa yongovekedwa n'zosayandikana.

Abarth 595 inatuluka mu 1963. Injini yake ili kumbuyo, ya masilinda awiri, ya 594 cc, yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo mphamvu yake ndi 27 hp; mtundu wake wotchedwa SS umafika 32 hp. Mukakumbukira kuti Fiat Nuova 500, yojambulidwa ndi injiniya Dante Giacosa, inayamba mu 1957 ndi 13 hp yokha, muona chimene anthu a ku Torino, kwawo kwa Fiat, ankachitira nayo chidwi. Koma magiya ake alibe synchro, chida chothandiza kuti giya ilowe mosagundana, ndiye potsitsa giya klatchi imafunika kupondedwa kawiri, ndipo pamsewu wautali phokoso lake limatopetsa makutu. Ndi yokongola pachionetsero komanso pakaulendo ka Lamlungu.

Ine wofuna kuyendetsa ndimamulozera ku Autobianchi A112 Abarth. Inkapangidwa ku Desio, pafupi ndi Milan, injini ili kutsogolo ndipo amakoka ndi matayala akutsogolo. Ya mu 1971 inali ya 982 cc ndi 58 hp, kenako mu 1975 kunabwera ya 1050 cc ndi 70 hp. Pakagalimoto kopepuka chotero mphamvuyi ndi yambiri ndithu. Achinyamata a ku Italy ankaphunzirira pomwepo mipikisano ya rally mu mpikisano wotchedwa Trofeo A112 Abarth kuyambira 1977, ndiye zambiri zinazunzika. Yoti sinapikisanepo, ya mipando ndi mawotchi ake oyambirira, ndiyo ya mtengo. Sipeya za injini sizivuta kwenikweni poti ndi ya banja limodzi ndi ya Fiat 127. Zovuta kupeza ndi zokongoletsa m'kati ndi nyale, zomwe zinkasintha mtundu watsopano ukatuluka.

Innocenti De Tomaso ndi ya anthu osafuna kufanana ndi anzawo. Thupi lake analijambula a kampani ya Bertone, koma injini ya 1275 cc ndi ya Mini ya ku Britain, mpaka mu 1982 pomwe kampani ya Innocenti inayamba kugwiritsa ntchito za Daihatsu za masilinda atatu.

Zonse zitatu mdani wake ndi dzimbiri, makamaka A112. Injini yakufa makaniko waluso aidzutsa pamtengo wodziwika, pomwe ndalama zowotcherera thupi lodyeka sizidziwika mpaka penti atapalidwa. Kwezani kapeti, yang'anani pansi pa batire, ndipo yendetsani maginito m'munsi mwa zitseko ndi mozungulira matayala: pomwe sakugwira, pamatidwa filala.